Pamene Madzi Oundana Anafika pa Ikweta

Kumpoto chakumadzulo kwa Namibia kuli zitunda zouma za miyala yofiirira, kumene dzuwa limaswa mtengo ndipo mvula imabwera ngati mlendo. M'zigwembe za kumeneko, pamene thanthwe linang'ambika n'kuonetsa za m'kati, munthu amaona mizere yopyapyala yosanjikizana bwinobwino ngati mapepala a buku lotseka. Mizereyo ndi matope amene ankadikha pansi pa nyanja kalekale, m'madzi abata, kenako n'kulimba kukhala mwala. Koma apa ndi apo, pakati pa mizere yosalalayo, pali chimwala chachilendo: china ngati dzungu, china ngati mtondo, china choti anthu awiri sangachitembenuze. Mizere ya pansi pake inalowa m'kati ngati mmene matiresi amachitira munthu akakhalapo, ndipo ya pamwamba inachifunda ngati nsalu.

Chimwalacho chinafika bwanji pamenepo? Madzi ofatsa moti matope n'kudikha sangasunthe mwala wotero, ndipo madzi amphamvu zousuntha akanakokolola matope onsewo. Mmene mizereyo inapindikira zikusonyeza kuti mwalawo sunagubuduke kuchokera m'mbali. Unagwa kuchokera pamwamba. Mtengo wokokoloka ndi madzi osefukira umatha kunyamula miyala m'mizu yake n'kukaitaya pakati pa nyanja, koma nthawi imeneyo padziko panalibe mtengo ndi umodzi womwe, ngakhale udzu. Chotsala ndi chimodzi: chibuma cha madzi oundana chimene chinabenthuka kumtunda chitasenza miyala, n'kuyandama, n'kumasungunuka mpaka katundu wake kugwera m'matope.

Ayezi kum'mwera kwa Africa payekha si nkhani yodabwitsa. Makontinenti amayenda, masentimita ochepa pachaka, mofanana ndi mmene zikhadabo zimakulira. Pafupi ndi Kimberley ku South Africa, pamalo otchedwa Nooitgedacht, pali thanthwe lokalikakalika ndi ayezi amene anakhukhuluzika pamenepo zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, koma panthawiyo dera limeneli linali kufupi ndi nsonga ya kum'mwera kwa dziko, kumene kumazizira ngakhale lero. Nayenso ayezi amene anakuta Canada ndi kumpoto kwa Ulaya zaka 21,000 zapitazo anafika pamene pali New York n'kulekeza pomwepo. Zimenezo ndi nyengo za chisanu zimene dziko linazizolowera: ayezi amatsika kuchokera kunsonga, n'kuima, n'kubwerera.

Miyala ya ku Namibia ija ikunena zina. Ndi ya zaka 635 miliyoni zapitazo, ndipo pansi pake pali ina yofanana nayo ya zaka pafupifupi 700 miliyoni. Miyala ya msinkhu womwewo ili ku Australia, ku China, ku Scotland, ku Canada, ku Brazil, pazilumba za Svalbard, komanso ku Copperbelt m'dziko la Zambia ndi kutsidya kwa malire ku Katanga. Malo onsewa sakanakwana kunsonga ziwiri za dziko nthawi imodzi. Douglas Mawson, katswiri wa miyala wa ku Australia amene ankamudziwa bwino ayezi chifukwa anatsala pang'ono kufera ku Antarctica, anafika poganiza kuti chisanu chimenechi chinakuta dziko lonse. Mu 1964 Brian Harland wa ku yunivesite ya Cambridge ananenanso zomwezo, ndipo anaonjezera mfundo yovuta kuikankhira kumbali: ku Svalbard ndi ku Greenland miyala ya ayezi inagona pakati pa miyala ya laimu ya mtundu umene masiku ano umapangika m'nyanja zofunda, ngati za ku Bahamas.

Umboni umene unatsekereza otsutsa unachokera m'maginito. Dziko lathu ndi maginito aakulu, ndipo mphamvu yake siloza mbali imodzimodzi paliponse. Singano ya kampasi yoti ingathe kuwerama imaima chilili kunsonga za dziko, pamene pa ikweta imagona chopingasa. Timibulu ta chitsulo timene timamira limodzi ndi matope timachita chimodzimodzi, ndipo matopewo akalimba, timibuluto timakhala chilozere mpaka kalekale. Mwala umasunga adiresi ya kumene unabadwira. Ku South Australia kuli miyala ya ayezi yotchedwa Elatina, ndipo atayeza timibulu take anapeza titagona pafupifupi chopingasa. Miyalayo inapangika pafupi ndi ikweta kuposa mmene Lilongwe alili lero. Wina anganene kuti ngakhale pa Kilimanjaro pali ayezi, chonsecho phirilo lili pafupi ndi ikweta. N'zoona, koma ayezi wa pa Kilimanjaro ali pamtunda wa mamita oposa 5,000. Mizere ya Elatina ili ndi zizindikiro za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kwa tsiku ndi tsiku. Ayezi ameneyo anali pagombe.

Kuyera kumene kumadzidyetsa kokha

Aliyense amene anayendapo wopanda nsapato mwezi wa October amadziwa kusiyana kwa phula ndi mchenga woyera wa kunyanja. Onse amatentha, koma pa phula sungaimepo. Chakuda chimamwa kuwala kwa dzuwa, choyera chimakubweza. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu, ngakhale amanyezimira m'maso mwathu, ndi akuda pa nkhani imeneyi: amabweza zosakwana magawo 10 pa 100 alionse a kuwala kumene kwawafikira. Chipale chongogwa kumene chimabweza magawo 80 kapena kuposa. Dziko lonse pamodzi, kuphatikiza mitambo, zipululu ndi nkhalango, lero limabweza pafupifupi magawo 30.

Tsono tiyerekeze kuti kwazizira pang'ono ndipo m'mphepete mwa ayezi wa kunsonga madzi ena aundana. Pamene panali pakuda payera. Kuwala kumene kukanafunditsa madziwo kwabwerera kumwamba. Kwazizirabe, madzi ena aundana, kuyera kwakula. Mu 1969 Mikhail Budyko wa ku Leningrad ndi William Sellers wa ku Arizona, aliyense payekha, anaika zimenezi m'masamu, ndipo masamuwo anatulutsa chinthu choopsa. Ayezi akakhala kufupi ndi nsonga, kudzidyetsa kumeneku n'kofooka, chifukwa dera lake ndi laling'ono ndipo dzuwa la kumeneko limafika chopendekeka. Koma akamatsika, lamba aliyense amene akuwonjezera ndi wotalika kuposa woyamba uja, ndipo dzuwa limene akulibweza ndi lamphamvu kuposa. Pali malire amene akangowadutsa, palibenso chomuimitsa. Malirewo ali pafupifupi madigiri 30 kuchokera pa ikweta, pamene pali Durban kum'mwera ndi Cairo kumpoto. Pamapu a pakhoma zimaoneka ngati malo otsala pakati pa mizinda iwiriyi ndi ochepa, koma ndi theka lenileni la nkhope ya dziko, ndipo ndi theka limene limalandira dzuwa lochuluka. Ayezi akafika pa Durban ndi pa Cairo, theka lotsalalo limatha mwamsanga, mwina m'zaka mazana ochepa chabe.

Budyko sanakhulupirire kuti zimenezi zinachitikapo, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Masamu omwewo ankasonyeza kuti dziko likayera lonse silingadzasungunukenso, ngakhale dzuwa litawala ngati lero. Likanakhala choncho mpaka pano, ndipo sipakanakhala wowerenga nkhani ino. Kwa zaka zoposa 20 nkhaniyi inagwira njakata: akatswiri a miyala ali ndi umboni wa ayezi pa ikweta, akatswiri a zanyengo ali ndi masamu onena kuti khomo lolowera lilipo koma lotulukira palibe.

Mvula imene imadya miyala

Tisanafike pa khomo lotulukira, pali funso lina: chinakankhira ayezi mpaka pa madigiri 30 n'chiyani?

Mbali ina ya yankho ndi dzuwa. Nyenyezi ngati dzuwa lathu imawala kwambiri ikamakalamba. Pamene dziko linkapangika, zaka 4.5 biliyoni zapitazo, dzuwa linali lofooka ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 poyerekeza ndi lero. Zaka 700 miliyoni zapitazo linali lisanafikebe: linkaperewera ndi magawo pafupifupi 6. Zimenezo si zochepa, koma sizingakhale chifukwa chokwanira, poti zaka biliyoni imodzi m'mbuyo mwake dzuwa linali lofooka kuposa pamenepo ndipo miyala ya nthawi yaitali imeneyo ilibe zizindikiro za chisanu chachikulu. Chinalipo chimene chinkafunditsa dziko, ndipo chimenecho ndi chimene chinachepa.

Bulangete la dziko ndi mpweya wina wochepa kwambiri mumlengalenga: nthunzi ya madzi, carbon dioxide ndi methane. Mipweya imeneyi imalola kuwala kwa dzuwa kudutsa koma imachedwetsa kutentha kumene nthaka ikutulutsa. Popanda iyo, dziko likanakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro m'malo mwa madigiri 15 amene tili nawo tikaphatikiza malo onse. Ndi chifukwa chake usiku wa mitambo umafunda, pamene usiku wa July wopanda mtambo pa Nyika kapena pamwamba pa Mulanje umadzutsa udzu utayera ndi chisanu. Nthunzi ndiyo yochuluka, koma ndi yotsatira chabe: kukazizira imagwa ngati mvula kapena chipale n'kuthawa ntchito panthawi imene ikufunika kwambiri. Amene amagwira chiwongolero ndi carbon dioxide, chifukwa iye sagwa ndi kuzizira kwa wamba.

Tikayang'ana pa zaka mamiliyoni, mpweya umenewu uli ndi polowera pamodzi ndi potulukira pamodzi. Polowera ndi mapiri ophulika, amene amaufuka kuchokera m'mimba mwa dziko usana ndi usiku, kaya kunja kukutentha kaya kukuzizira. Potulukira ndi mvula ndi miyala, ndipo apa ndi pofunika kuima pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Dontho la mvula likamagwa limasungunula carbon dioxide pang'ono n'kusanduka asidi wofooka kwambiri, woti lilime silingamumve. Likagwera pa thanthwe, asidiyo amadya mwalawo pang'onopang'ono. Ntchito yake timaiona tsiku ndi tsiku osaizindikira. Matanthwe obulungira amene ali m'mapiri athu, aja amasendeka makoko ngati anyezi, ndi mvula inawatero. Katondo wofiira amene timaumbira njerwa ndi mwala umene unawola: zosungunuka zinapita ndi madzi, n'kutsala dongo ndi dzimbiri. Zimene zinapita ndi madzizo, makamaka calcium ndi magnesium, mitsinje imakazitula m'nyanja pamodzi ndi kaboni uja anachokera mumlengalenga, ndipo kumeneko zimagwirizana n'kupanga mwala wa laimu. Kaboni amene anali mpweya wasanduka mwala, ndipo akhala momwemo kwa zaka mamiliyoni ambiri.

Mu 1981 James Walker, Paul Hays ndi James Kasting anasonyeza kuti kudyeka kwa miyala kumeneku ndi kumene kumasunga nyengo ya dziko kuti isalowerere. Kukatentha, mvula imachuluka, miyala imadyeka msanga, carbon dioxide amachepa, dziko limazizirako. Kukazizira, mvula imachepa, miyala imapuma, mapiri ophulika amapitiriza kufuka, mpweyawo umaunjikana, dziko limafundanso. Ndi mlonda wochedwa kudzuka, amatenga zaka masauzande mazanamazana kuti achitepo kanthu, koma ndi wokhulupirika. Ndipo makontinenti akakhala monga alili lero, mlondayu ali ndi womuthandiza. Mtunda wambiri uli kumpoto, ku Canada, ku Scandinavia, ku Siberia. Ayezi akayamba kutsika amakwirira mtunda umenewo, mvula singaufikenso, potulukira mpweya pamachepa. Ayezi amadzitchera yekha msampha.

Zaka 750 miliyoni zapitazo mapu anali ena. Mtunda wambiri unali utasonkhana m'chikontinenti chimodzi chimene akatswiri anachitcha Rodinia, ndipo mbali yaikulu ya icho inali m'madera otentha, cha pa ikweta. Kunsonga kunali nyanja. Choncho ayezi ankatha kukula panyanja za kunsonga osakwirira mtunda, pamene pa ikweta mvula inkagwabe, miyala inkadyekabe, ndipo mpweya wofunditsa unkapitirira kuchepa. Msampha uja sunagwire.

Kuonjezera apo, Rodinia anali akusweka. Pakati pa chikontinenti chachikulu pamakhala pouma chifukwa chinyezi cha kunyanja sichifikapo. Chikang'ambika, nyanja zimalowa m'ming'alu, ndipo malo amene anali chipululu amapezeka ali pagombe. Ife tikukhala m'mphepete mwa mng'alu wa mtundu womwewo: Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika chifukwa Africa akung'ambika, ndipo amene anakhalako ku Nkhata Bay amadziwa mvula imene imagwa mphepo yochokera panyanja ikagunda mapiri. Kung'ambika kumabweretsanso chiphalaphala. Chikazizira chimasanduka mwala wakuda wa basalt, umene mvula imaudya mofulumira kwambiri kuposa matanthwe a granite. Mu 2004 Yannick Donnadieu ndi anzake ku France anaika zonsezi pa kompyuta, ndipo anapeza kuti kusweka kwa Rodinia pamodzi ndi kudyeka kwa basalt zinali zokwanira kutsitsa carbon dioxide mpaka pa malire aja a Budyko.

Ndiye chimene chinaziziritsa dziko sichinachokere kunsonga. Chinachokera kumalo otentha, a mvula yambiri, kumene munthu sakanaganizirako n'komwe.

Chimene chinamalizitsa chikuoneka kuti chinachitikira kumene lero ndi kumpoto kwenikweni kwa Canada, dera limene panthawiyo linali pafupi ndi ikweta. Zaka pafupifupi 718 miliyoni zapitazo kunatuluka chiphalaphala chochuluka zedi, chimene zotsalira zake zili pamalo oposa masikweya kilomita 2 miliyoni, ndipo akatswiri amachitcha Franklin. Francis Macdonald ndi anzake, mu 2010, anayeza phulusa lopezeka m'miyala ya ayezi ku Yukon n'kupeza zaka pafupifupi 716 miliyoni. Zinthu ziwirizi zinatsatizana ngati mphenzi ndi bingu. Ena amati basalt watsopanoyo, atayalidwa pamvula ya pa ikweta, ndi amene anamwa mpweya wotsalawo. Macdonald ndi Robin Wordsworth mu 2017 anatchula njira yachidule: chiphalaphalacho chinadutsa m'miyala yodzaza ndi sulufule, ndipo utsi wa sulufule ukakwera m'mwamba kwambiri umatchinga dzuwa. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991, dziko lonse linazizira ndi pafupifupi theka la digiri kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Limenelo linali phiri limodzi, lophulika kamodzi. Mapiri ophulika motsatizana chaka ndi chaka, dziko lili kale m'mphepete mwa phompho, sankafunika kukankha mwamphamvu. Ine ndimaona kuti mfundo ziwirizi sizilimbana kwenikweni: ina ikunena za amene anayandikitsa mbiya kumphepete kwa thandala, ina za amene anaigunda ndi chigongono.

Zaka 57 miliyoni pansi pa ayezi

Chisanu choyambacho, chotchedwa Sturtian, chinayamba zaka 717 miliyoni zapitazo n'kutha zaka pafupifupi 660 miliyoni zapitazo. Ndi zaka 57 miliyoni. Kuti nambalayi imveke, tikumbukire kuti chifere madainoso papita zaka 66 miliyoni, ndipo anthu a mtundu wathu akhalapo zaka pafupifupi 300,000 zokha. Patapita kanthawi ka kufunda kunabwera chachiwiri, chotchedwa Marinoan, chachifupi kuposa choyamba, chimene chinatha zaka 635 miliyoni zapitazo. Makompyuta amasonyeza dziko la madigiri mpaka 50 pansi pa ziro tikaphatikiza malo onse, nyanja itakutidwa ndi ayezi wochindikala mamita mazanamazana, mpweya wouma gwa, wopanda mvula. Nyanja sinaundane mpaka pansi chifukwa cha kutentha kochokera m'kati mwa dziko.

Khomo lotulukira analipeza Joseph Kirschvink wa ku Caltech, munthu amene poyamba ankakayikira zotsatira za Elatina mpaka atayesa miyalayo mu labotale yake. Mu 1992 analemba kankhani kafupi m'buku lalikulu, ndipo ndi momwemo mmene anapatsa dziko loundanali dzina la Snowball Earth, kutanthauza dziko losanduka mpira wa chipale. Mfundo yake inali yosavuta moti munthu amadabwa kuti inachedwa chifukwa chiyani. Ayezi amaimitsa mvula, amaimitsa mitsinje, amaimitsa kudyeka kwa miyala. Koma sangatseke mapiri ophulika. Potulukira patsekeka, polowera pali chitsegukire. Chaka ndi chaka carbon dioxide amaunjikana, wopanda womuchotsa, mpaka bulangete litachindikala moti ngakhale dziko loyera mbee liyenera kusungunuka. Ken Caldeira ndi James Kasting anawerengera chaka chomwecho kuti pankafunika mpweya wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 300 kuposa umene tili nawo lero. Kuunjika wochuluka chotero kumatenga zaka mamiliyoni, ndipo n'chifukwa chake chisanucho chinali chachitali motero.

Kirschvink anatchulanso chinthu china chimene chinkathetsa nzeru akatswiri. Miyala ya mizeremizere ya chitsulo, imene migodi yaikulu ya chitsulo imakumba, inasiya kupangika zaka pafupifupi 1.8 biliyoni zapitazo, chifukwa m'madzi a oxygen chitsulo chimachita dzimbiri msanga osapeza mpata wounjikana. Patapita zaka biliyoni yathunthu inaonekanso, ndipo inaoneka pakati pa miyala ya ayezi, monga ya Rapitan ku Canada. Nyanja yovundikiridwa ndi ayezi sipuma. Oxygen akatha, chitsulo chochokera m'akasupe otentha a pansi pa nyanja chimadzaza m'madzi, ndipo paliponse pamene oxygen wapeza polowera, dzimbiri limagwa ngati masese a mowa.

Umboni wa kusungunuka kwenikweniko uli ku Namibia komwe tinayambira. Pamwamba penipeni pa miyala ya ayezi ija pagona mwala wa laimu wotuwa mopita ku pinki, ndipo malire a ziwirizi ndi akuthwa ngati odulidwa ndi mpeni: munthu amatha kuika chala chimodzi pa chisanu, china pa nyanja yofunda. Chivundikiro cha laimu chimenechi chili pafupifupi paliponse pamene pali miyala ya Marinoan. Paul Hoffman wa ku Harvard anayenda zitunda za ku Namibia zija kwa zaka zingapo, ndipo mu 1998 iye ndi Alan Kaufman, Galen Halverson ndi Daniel Schrag anafotokoza tanthauzo lake. Ayezi atangotseguka pa ikweta, masamu a Budyko anayenda chafutambuyo: madzi akuda anamwa dzuwa, ayezi wina anasungunuka, kuda kunakula. M'zaka masauzande ochepa nyanja zinatseguka. Koma bulangete lochindikala lija linali likadalipo, poti kulichotsa ndi ntchito ya mlonda wochedwa uja. Dziko linachoka m'chisanu n'kugwera m'ng'anjo ya madigiri mwina 50, mvula ya asidi ikukhuthukira pa miyala imene ayezi anali ataipera ngati ufa kwa zaka mamiliyoni. Zonse zinakokolokera m'nyanja n'kudikha ngati laimu.

Masamba awiri onsewa a mbiri ya dziko ali pansi pa Copperbelt ndi Katanga. Akatswiri a migodi ya kumeneko anawapatsa mayina a Chifalansa kalekale: Grand Conglomérat ndi wa chisanu choyamba, Petit Conglomérat ndi wa chachiwiri, ndipo aliyense ali ndi laimu pamwamba pake. Ku mgodi wa Kamoa, pafupi ndi Kolwezi, kopa amamukumba m'munsi mwa Grand Conglomérat momwemo, m'matope ndi miyala imene ayezi anasiya.

Zoterezi zikuoneka kuti zinachitikapo kale m'mbuyomo, zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo, koma pa chifukwa china. Nthawi imeneyo mumlengalenga munalibe oxygen, dzuwa linali lofooka kwambiri, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti gawo lalikulu la bulangete linali methane, mpweya womwe uja umatuluka m'madambo ndi m'mimba mwa ng'ombe. Methane amafunditsa kwambiri, koma sakhalitsa pamene pali oxygen. Tizilombo tobiriwira tokhala ngati ndere titayamba kudzaza mlengalenga ndi oxygen, bulangetelo linadyeka. Miyala ya ayezi ya nthawi imeneyo ili kumpoto kwa Lake Huron ku Canada, komanso ku Northern Cape ku South Africa, kumene imatchedwa Makganyene ndipo maginito a chiphalaphala chogona pamwamba pake akulozanso kufupi ndi ikweta. Pamwamba pa zimenezi ndi pamene pali manganese a ku Hotazel, tauni imene dzina lake ndi nthabwala ya Chingelezi yodandaula za kutentha kwa malowo.

Sikuti akatswiri onse amavomereza kuti nyanja inatsekeka kotheratu. Chimene chimawavuta ndi moyo. Ndere zofuna dzuwa zinalipo chisanu chisanayambe ndipo zinalipobe chitatha, pamene kuwala sikungadutse ayezi wa mamita mazana. William Hyde ndi anzake mu 2000 anapeza pa kompyuta dziko limene mtunda wake unaundana koma pa ikweta panatsala lamba wa madzi. Dorian Abbot ndi anzake mu 2011 anasonyeza kuti kalamba kopyapyala kotere kangathe kukhalitsa, chifukwa ayezi wa m'madera ouma sakhala ndi chipale pamwamba, ndipo ayezi wosavala chipale ndi wodera, sabweza dzuwa kwambiri. A mbali ya Hoffman amayankha kuti moyo sunkafunika nyanja yotseguka. Ku Antarctica lero, fumbi lakuda likagwera pa ayezi limamwa dzuwa n'kuboola timaenje ta madzi, ndipo m'timaenjemo mumakhala ndere ndi tizilombo tina. Pa ikweta pa dziko loundana, pamene fumbi ndi phulusa la mapiri zinkaunjikana kwa zaka mamiliyoni, timaenje totere tikanakhala tosawerengeka. Chimene mbali zonse zimagwirizana ndi miyala yogwa kuchokera pamwamba ija, pagombe, m'dziko lotentha.

Patapita zaka pafupifupi 60 miliyoni chisungunukire ayezi wa Marinoan, m'miyala mumayamba kuoneka zamoyo zikuluzikulu zooneka ndi maso, zofewa, zina zonga masamba, zina zonga mbale. Nyengo imeneyo imatchedwa Ediacaran, ndipo mu 2004 akatswiri a miyala a padziko lonse anagwirizana za pamene imayambira. Anasankha malo m'khwawa la Enorama Creek, m'mapiri a Flinders ku South Australia, pamene laimu wa chivundikiro wagona pa miyala ya Elatina. Pamzere umenewo anakhomapo kachitsulo kozungulira kokwana m'chikhatho, ndipo mlendo woyenda pansi m'khwawamo nthawi ya chilimwe amatha kugwada n'kukakhudza.